Chaka chimene nkhosa zanga zinaswa mu Okutobala

Anthu kuno ku Msanzala amachitchula chaka cha mango ophika, chifukwa ndiwo anali nsima yathu. Ine ndimachitchula chaka chimene nkhosa zanga zinaswa mu Okutobala. Nambala ya chaka musandifunse, kusukulu sindinapondeko. Chimene ndidziwa n'chakuti chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi mchele pamsika sankagula.

Nkhosa zinali khumi ndi imodzi zazikazi, mphongo imodzi. Zinali za amai anga, iwonso anazilandila kwa amai awo. Amuna anga aSakala anabwela kudzakwatila pamudzi pathu atanyamula khasu, bulangete ndi kachitini ka fodya. Nkhosa sanabwele nayo, ngakhale chiboda chake. Gwilani mau amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Epulo

Mvula inatithawa mu Febuluwale chimanga chitangomasula. Pokolola, nkhokwe sinafike ngakhale m'chiuno. Sindinachite mantha kwambili. Ana a nkhosa a chaka chatha ndinawasinthitsa ndi chimanga mwamsanga, anthu asanadzidzimuke, ndipo ndinawelenga kuti chidzatifikitsa ku Novembala. Zotsalazo ndinati ndidzaona mu Janyuwale. Nkhosa yonenepa, ya mchila wogwedela mafuta, inkapita pa thumba lathunthu la chimanga. Ziwili kapena zitatu zikanatiolotsa mpaka chimanga chachiwisi. Nkhokwe yanga yeniyeni inali m'khola.

Kasungidwe kake ndinaphunzila kwa amai. Nkhosa zathu zakuno zimatenga bele mwezi ulionse ukazilekelela. Tsono mphongo tinkaimanga thewela lachikopa pamimba, kuti ikakwela ingodzitopetsa. Thewela tinkamasula kumapeto kwa Julayi. Bele la nkhosa ndi miyezi isanu. Welengani pa zala: ana amagwa pa Khisimasi, msipu utaphuka, make akudya mpaka mawele kulendewela. Palibe mwana wa nkhosa anafa ndi njala m'khola la amai anga.

Meyi

Tsiku lina ndili kusola nshawa pakhomo, ndinamva mthuthuthu. Anatsika mwamuna wa nsapato zonyezimila, katoni atamanga kumbuyo. Anali aNgoma, mlangizi wa ziweto wochokela kuboma.

"Odi kuno! Abambo a nyumba alipo?"

"Ali kuseli. Kwagwanji?"

"Ndi nkhani ya nkhosa, amai."

"Ngati ndi nkhosa, khalani pansi. Mwafika."

Anaseka ngati ndanena zoseketsa. "Zikomo amai, koma ndilankhule ndi eni ake."

Eni ake! Ndipo aSakala anatulukadi kuseli akumanga lamba, nati, "Ndine." Paja anali tcheyamani wa chipani pamudzi, tsono munthu wa nsapato akafika, msana wawo unkapindika wokha. ANgoma anawatenga kupita nawo ku Petauke masiku awili. Anabwelako ndi inki pachala ndi fungo la tiyi wamkaka.

"Atate ake Belita, mwadinda chala pa chiani?"

"Chitukuko, amake Belita. Nkhosa zonse ziswa sabata limodzi, mapasa okhaokha. Pa chikondwelelo cha ufulu kubwela akuluakulu kudzaona."

"Ufulu uli mwezi uti?"

"Okutobala."

"Mu Okutobala nkhosa idya chiani? Fumbi?"

"Anthu ophunzila anaziganiza kale zimenezo."

"Nanga anakuuzani kuti nkhosa n'zayani?"

"Osandichititsa manyazi, iwe. Pepala silidziwa zachikamwini."

Mabanja anai pamudzi analowa. ATembo okha, a kutsidya kwa dambo, atangomva, anakusa nkhosa zawo kupita nazo kwa abale ku Nyampande, nati zinafa. Anawatcha mdani wa chipani, koma nkhosa zawo zinaona chaka china.

Tsiku limene aNgoma anadzayamba ntchito yawo, ine ndinali kumtsinje. Pobwela ndinapeza nkhosa zanga zonse zili ndi kachingwe kolendewela pansi pa mchila. M'kati anali ataikamo tisiponji, tonga tidutswa ta matilesi, tonyowa mankhwala. Pambali paima mphongo yaboma, chinthu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, mutu wakuda, thupi loyela. Mphongo yanga anali ataimanga pamtengo kutali ngati wakuba.

Amake Dailesi, mnansi wanga woweta mbuzi, anandinong'oneza kuti, "Anzanga, tinthu timeneti n'totseka mimba. Ayamba ndi nkhosa, mailo aika ife."

Ndinafunsa aSakala. Anati, "Mabodza a pachitsime. Mmenemo ndimo muli mphamvu ya bele. Kasiponji kakakhala masabata awili, nkhosa yatenga."

Ndinawakhulupilila, ine chitsilu. Ndinati ngati bele lili m'kasiponji, ndichotse kasanagwile. Tsiku lachikhumi m'mamawa ndinasankha nkhosa zitatu zimene ndinkazikonda, Mawanga ndi ana ake awili aakulu, ndi kukoka zingwe. Tisiponji ndinataya m'chimbudzi. Mtima unakhala pansi, ndinati zitatu izi ndapulumutsa.

Masiku onse aja mphongo yaboma inkazungulila m'khola, zazikazi osaiyang'ana n'komwe. Koma patapita masiku awili ndinapeza Mawanga akuithamangila yekha, ana ake pambuyo, michila ikugwedezeka. Ndisanapeze chingwe, zonse zinali zitatha. Pamenepo m'pamene ndinazindikila. Kasiponji kamagwila nkhosa kuti isafune mphongo. Ukakachotsa, zonse zimafuna tsiku limodzi. Amake Dailesi anali pafupi ndi choona kuposa munthu amene anamwa tiyi kuboma. Nkhosa zimene ndinkafuna kubisa ndinazipeleka ndi dzanja langa, zisanapite zinzake. ANgoma akanandiuza! Mau awili okha akanakwana. Koma anafotokozela munthu amene sanagwilepo nkhosa kumchila chibadwile.

Sabata lomwelo aNgoma anadzakoka zingwe zotsala, nabaya nkhosa iliyonse jekeseni wa mapasa. Zitatu zopanda zingwe anati tisiponji tinagwa tokha. Sindinawatsutse.

Ogasiti ndi Sepitembala

Moto unadutsa m'tchile monga mwa chaka chilichonse. Mapesi m'minda anatha msanga, poti chimanga chake chinali chofupika. Dambo linang'ambika ming'alu yolowa phazi. Zaka zonse nkhosa zimapilila nyengo imeneyi chifukwa bele limakhala laling'ono, ndipo mafuta a kumchila amazithandiza. Chaka chimenecho mimba zinali zitafika pansi, ana awiliawili akuyamwa make m'kati. Michila inaphwa ngati matumba opanda kanthu.

Ndinkadzuka kukatola nyemba za msangu m'mbali mwa mtsinje, dengu pamutu, ndi kukasadza masamba a mitengo. Mabanja anai aja tonse tinkalimbilana mitengo yomweyo. Akazi amene tinavinidwa pamodzi tinatukwanana chifukwa cha nyemba za msangu.

Mphongo yaboma yokha inali ndi chakudya. ANgoma ankaibweletsela thumba la gaga mwezi ndi mwezi, nalamula kuti zazikazi zisakhudze.

"Bambo, za bele ndi izi. Iyo ntchito inamaliza."

"Amai, mphongo iyi inachokela kutali. Ikaonda, ine ntchito yatha."

"Nanga izi zikaonda?"

"Zakuno n'zolimba."

Ndinkaba gagayo, chikho chimodzi patsiku, kugawila khumi ndi imodzi. Kuba m'khola langa lomwe.

Okutobala

Dzuwa la mwezi umenewu mumalidziwa, nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Woyamba anali Mawanga. Anagona pansi kuyambila m'mawa mpaka dzuwa pamutu, mwana osatuluka. Mutu unali wa atate ake, waukulu, pamene nkhosa zathu n'zazing'ono m'chiuno. Ndinapaka sopo kudzanja, ndinalowetsa, ndinakoka. Woyamba anatuluka wamoyo. Wachiwili anatuluka atafa, ndipo Mawanga sanadzukenso. Ndinamusenda ndekha. Pansi pa chikopa panalibe mafuta okwana kudzola pachala.

Kenaka zinayamba zonse pamodzi, monga analonjezela. Apa yagona, apo ikulila, uko mwana wagwa pafumbi make wamusiya. Manja ndinali nawo awili. Belita, mwana wanga wamkulu, ankagwila mitu, ine kumbuyo. M'masiku asanu ndi limodzi anabadwa ana khumi ndi asanu ndi awili, ndipo inafanso nkhosa ina. Mawele ukawafinya kunkatuluka madontho atatu. Mwana wa nkhosa wosayamwa mkaka woyamba ndi malilo oyenda. Kulila kwawo sikunali kwa nkhosa, kunali ngati kwa makanda, ndipo azimake ankangotembenuka kuwagunda ndi mutu.

Alendo anafika tsiku lake, magalimoto awili. M'mawa mwake aNgoma ndi aSakala anali atatola ana akufa asanu, nawaponya m'nkhokwe yanga, nafunditsa mphasa. Amoyo anawapukuta ndi nsanza yonyowa. Akazi anavala zitenje zachipani, nayamba kuimba pakhomo panga. Ine ndinakana kuvina. Anandiuza kuti ndikhale kukhitchini, ndili ndi nkhope yoipitsa mwambo.

Ndili komweko ndinamva fungo la nyama. Ndinatuluka. Pamtengo paja panali chingwe chokha.

"Mphongo yanga ili kuti?"

ASakala anandikokela kuseli. "Tsitsa mau. Alendo sangadye nyemba. Ndiponso aNgoma ati yamakolo ija iononga mtundu."

"Mwapha mphongo ya amai anga?"

"Boma latipatsa yabwino."

"Latipatsa? Ndani, inu kapena ine?"

Mlendo wamkulu, wa mimba yotsogola, ananyamula kamwana ka nkhosa kamodzi pachifuwa, wina nawajambula. Anafunsa mwini khola. Anthu onse a pamudzi, amene anaona amai anga akumanga khola limenelo, anayankha pamodzi kuti, "ASakala!" Anawapatsa chipewa ndi pepala la mafelemu. Kamwana kaja kanafa magalimoto asanafike pamseu waukulu. Ine anandisungila chiboda ndi msuzi. Ndinathila galu.

Novembala ndi Disembala

Mvula inachedwa. Mitambo inkabwela masana, n'kupita ku Nyimba osatisiyila dontho. Ana a nkhosa ankafa awili lelo, mmodzi mailo. Ndinayesa phala la gaga lopyapyala pa kansalu, ndinapempha mkaka wa mbuzi kwa amake Dailesi, koma mbuzi zawo nazonso zinali zouma. Nkhosa zitatu zinayamwidwa mpaka kugwa. Zinkagona pansi, ukaziimitsa miyendo n'kupinda ngati udzu, mpaka zonse zitatu zinafa.

Chimanga chinatha monga ndinawelengela. Tinayamba mango aawisi, kuwaphika, kumwa ndi madzi ake omwe. Kunamveka kuti kusukulu kubwela chimanga cha thandizo. Tinaima pamzele masiku atatu, makhadi m'manja. Chinabwela lole imodzi ya midzi yonse, banja lililonse tini imodzi. Ena ankati china chinatsikila panjila kwa anthu a maudindo. Sindinaone, sindinganene. Chimene ndinaona n'chakuti mthuthuthu wa aNgoma unaleka kubwela. Anatumiza mau kuti petulo kulibe. Thumba lomaliza la gaga wa mphongo tinasefa ndi kuphikila ana athu phala.

Mvula inagwa Khisimasi ili pafupi. Tinabzala ndi njala m'mimba. M'sabata limodzi dambo lonse linabiliwila, msipu wofewa, wofika m'kakolo. Ndinaima pakhola ndi kulila, ine amene sindinalile pa Mawanga. Iyi ndiyo inali nthawi yake. Miyezi iwili yokha! Akanadikila miyezi iwili, ana onse aja akanagwela pa msipu umenewu. Koma alendo sakanabwela, poti mu Disembala mseu wathu magalimoto amatitimila.

Janyuwale

Nkhosa yofooka msipu watsopano umaitsegula m'mimba, ndipo njoka za m'mimba zimaipeza yosalimba. Ziwili zinatupa pansi pa chibwano, m'maso mwayela, n'kufa. Ana awili otsiliza anatsatila. Pa khumi ndi asanu ndi awili palibe anaona chimanga chachiwisi.

Zinatsala zinai. Ndinatenga imodzi kupita nayo kwa wasitolo wina wa kumseu, amene anali ndi chimanga. Anaigwila pamsana, naseka.

"Amai, mwandibweletsela nkhosa kapena mpando? Mafupa okhaokha."

Anandipatsa tini imodzi ya gaga. Nkhosa ya thumba lathunthu! Ndinalandila, chifukwa kamwana ka Belita kanali katayamba kutupa mapazi.

ASakala masiku amenewo ankapita kuganyu, kubwela ndi maungu awili kapena chimanja. Chipewa chija ankavalabe.

Febuluwale

M'khola munali chinthu chimodzi chonenepa. Mphongo yaboma inali itadya gaga miyezi isanu ndi umodzi, tsopano ikudya msipu, khosi ngati mtondo. Inkagunda zitatu zanga pa chakudya. M'mawa wina mdzukulu wanga analephela kuimilila. Ndinayang'ana mwanayo, ndinayang'ana mphongo.

"Amake Dailesi, bwelekeni chingwe cholimba."

"Mufuna kudzimangilila?"

"Iai. Ndifuna kupelekeza mlendo."

Anamvetsa. Anati, "Anzanga, mudzagona kundende."

"Kundende amadya."

Tinaikoka awili, iwo kutsogolo, ine ndi kamtengo kumbuyo, dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona. Palibe anatifunsa. Wasitolo uja ataiona sanaseke. Anadziwa kumene yachokela, koma anali ndi ukwati wa mwana wake sabata lomwelo. Ndinati matumba awili. Anati limodzi. Ndinatembenuza mphongo kuyang'ana kwathu. Anati limodzi ndi theka, ndipo ngolo yake idzatula pakhomo.

ASakala atabwela madzulo anapeza mtondo ukulila.

"Chimanga ichi chachokela kuti?"

"Kuboma."

Anapita kukhola, nabwelako msanga. "Amake Belita, wandipha. Chala chili papepala ndi changa."

"Sambani m'manja, nsima yapsa."

Anadya. Anadya mitanda inai, misozi ili m'maso. Theka lija ndinagawila amake Dailesi ndi mabanja ena aja, poti nkhosa zawo nazonso zinali zitatha. Mdzukulu wanga anaimilila pa sabata lachiwili.

Meyi

Tinakolola bwino ndithu chaka chimenecho. Mseu utauma, mthuthuthu unamveka. ANgoma anali ndi katoni ina kumbuyo. Anati adzatenga mphongo kupita nayo kumudzi wina.

"Ili kuti?"

"Tinadya," ndinatelo.

"Mwapha mphongo ya boma?"

"Anapha ndi ena. Ife tinadya chimanga chake."

Anavula magalasi. "Amai, mudziwa kuti uwu ndi mlandu wa apolisi?"

Ndisanayankhe, aSakala anaimilila, chipewa m'manja. "Bwana, ndine ndinaisinthitsa. Mkazi uyu sadziwa kanthu. Mangani ine."

Mwina mkazi wina akanamva chisoni. Ine magazi anandikwela kumutu.

"Bodza! Khalani pansi, atate ake Belita! Nkhosa zanga munati n'zanu. Khola langa munati n'lanu. Lelo mufuna kutenganso mlandu wanga? Munaikoka ndinu? Zipsela za chingwe zili m'manja mwa yani?" Ndinatambasula manja pamaso pa aNgoma. "Ndine, bambo. Tisiponji titatu tija sitinagwe tokha, ndinachotsa ndine. Gaga ndinkaba ndine. Mphongo ndinagulitsa ndine. Lembani."

Anatsegula buku lawo, nayang'ana, natembenuza tsamba. "Amai, dzina lanu muno mulibe. Sindingalembe mlandu pa munthu amene m'buku mulibe."

"Tsono lembani nkhosa zanga zisanu ndi zitatu, ndi mphongo imene munadya, ndi ana khumi ndi asanu ndi awili."

"Malo olembapo zimenezo palibe."

"Pali malo a chiani?"

"A ana obadwa."

Analemba kuti mphongo inafa ndi matenda a nkhupakupa, chifukwa akanalemba zoona akanafunsidwa kumene anali miyezi isanu. Atatseka buku anayang'ana kukhola, nagwila katoni ija.

"Zatsala zitatu, eti? Ulendo uno tikhoza kuyesa mwezi wina."

Ndinangotola musi pamtondo ndi kuima pakhomo la khola. Mthuthuthu unavuta kulila, anachita kuukankha mpaka kumseu.

Apolisi sanabwele. ASakala sindinawathamangitse pamudzi, chifukwa ana anawapempelela, ndipo anakhala zaka zina zambili mpaka ndinawaika m'manda. Koma tsiku lomwelo ndinawaitana pamaso pa Belita ndi amake Dailesi, ndi kujambula mzele pansi ndi musi, kuchokela pankhokwe mpaka pamtengo wa mango.

"Uku n'kwanu. Uko n'kwa nkhosa."

"Nanga fisi akalowa m'khola?"

"Mudzandiitane. Fisi ndimudziwa, sabwela ndi pepala."